Anatchinga Wachikwanje

Enifa, mphunzitsi wa ku Chipoka, anakumana ndi Jameson pa siteji ya minibasi ku Khombedza. Mwamunayo anali ndi chipsera chachikulu pachipumi.

"Achimwene, ndinu asilikali?" anafunsa Enifa atakhala moyandikana m'minibasi.

"Ayi, chemwali. Kunkhondo ndimapita, koma ndi manja okha."

"Ndiye mumakatani? Kukawombera m'manja?"

Jameson anaseka. Anati gulu lawo ndi la anthu ongodzipereka ochokera m'maiko osiyanasiyana. Amene analiyambitsa anaona kuti wamfuti amazengereza kupha pamene mlendo akumuyang'ana. Jameson ankagwira ntchitoyi ku South Sudan, kuperekeza amayi kunkhuni ndi kuima pakati pa mfuti ndi munthu. Lamulo lawo linali lakuti osanyamula chida, osabwezera, osasankha mbali.

Pofika pa Salima anali atapatsana manambala. Chikondi chimafunsa njira ngati?

Jameson atabwerera kunkhondo, mauthenga ankabwera tsiku ndi tsiku. "Duwa langa, lero awotcha mudzi. Tatulutsa ana khumi ndi awiri zipolopolo zikugwa ngati matalala. Mantha akandigwira ndimatchula dzina lako."

"Wapamtima wanga, ungobwera wamoyo basi," ankayankha Enifa.

"Ndikabwera ndidzakukwatira. Ndikulumbira, sindidzakusiya wekha."

Anabweradi, mphete ili m'thumba. Ankhoswe anagwirizana kuti chinkhoswe chichitike Loweruka.

Lachinayi masana kudoko la Chipoka kunabuka ndewu. Gracian, mlongo wake wa Enifa, anakangana ndi msodzi mnzake Masiye pa nkhani ya ukonde wodulidwa. Masiye anasolola chikwanje n'kumutema Gracian paphewa.

Enifa ndi Jameson anafika akuthamanga. Gracian anali gone pamchenga, magazi ali chuchuchu. Chapatali pang'ono anthu anali atamugwetsa Masiye, akumusasantha ndi nkhafi ndi miyala. Wina ankabwera ndi chigubu cha petulo.

"Jameson, gwira apa, akutha magazi!" anakuwa Enifa akumanga bala ndi chitenje.

Atacheuka, Jameson panalibe. Anali atalowa m'chigulu muja, wadziponya pamwamba pa Masiye, manja atatambasula.

"Amene akufuna uyu ayambe ine," anatero.

Nkhafi inathyokera pamsana pake. Mwala unamuphwanya zala. Sanabwezere, sanasunthe, mpaka apolisi anafika.

Kuchipatala madokotala anati Gracian akhala moyo, koma mkonowo sudzakokanso ukonde. Amalume ake a Enifa, omwe anali nkhoswe, anangolavula pansi. "Mkamwini wotchinga mdani, mlamu wake akufa? Mwana wanga, ganiza bwino."

Enifa anamupeza Jameson pabenchi panja pa wodi, dzanja lili m'bandeji.

"Mlongo wanga akukha magazi, ine ndikukuitana, iwe wathamangira wachikwanje. Chifukwa chiyani?"

"Gracian anali ndi iwe, duwa langa. Masiye analibe aliyense. Akanamuwotcha."

"Si kunkhondo kuno. Ndi kwathu."

"Petulo amayaka chimodzimodzi kulikonse."

Enifa anali ndi funso lina, koma yankho lake ankaliopa. "Nanga akanatema ine?"

Jameson anayang'ana pansi.

"Ndiyankhe."

"Ndikanalira, Enifa. Mtima ukanang'ambika. Koma ndikanamutchingabe."

Akanangonama pang'ono chabe! Bodza limodzi laling'ono, Loweruka kukanalira nthungululu. Koma munthu uyu sankadziwa kunama, ndipo Enifa anamukondera zomwezo. Nanga atani?

Anavula mphete pang'onopang'ono, misozi ikutsikira pachibwano, n'kuyiika pa bandeji paja.

"Duwa langa, usatero."

"Ndinu munthu wabwino, a Jameson. Anthu a kunkhondo akukusowani, pitani. Ine ndimafuna mwamuna amene ndikakuwa adzathamangira kwa ine."

Anatembenuka n'kulowa m'wodi, kukam'mwetsa madzi mlongo wake.