Kampango ndi Mphatso ya Wometa

Tsiku limene mtsikana wina ndi wometa anakumana koyamba kunatentha moti ngakhale ntchentche zinkachita ulesi kuuluka. Koma mtsikanayo analowa m'babashopu atakulunga kampango kachikasu m'khosi mpaka pachibwano, dzanja lina atagwira bambo ake, amene chidwalireni ankayenda mokoka mwendo.

Wometa anali mnyamata wamtali, wa pakamwa posatopa. Anakhazika mdalayo pampando, n'kumufunditsa nsalu, maso ali pagalasi. Kunena zoona, m'galasimo sankayang'ana mutu wa mdala ayi.

"Achemwali, dzuwa lonseli inu muli pachisanu?" anafunsa.

"Metani bambo angawa. Khosili ndi langa," anayankha mtsikanayo osamwetulira n'komwe.

Mdala uja anaseka mpaka nsalu inagwa. Anauza wometayo kuti asadandaule, mwana wakeyo amasoka zovala patsidya la msewu womwewo, ndipo lilime lake ndi lakuthwa kuposa singano zake.

Kuyambira tsiku limenelo nsalu za m'babashopu zinayamba kung'ambika modabwitsa. Lero thumba la epuloni, mawa mpendero wa katani, mkuja batani la malaya limene aliyense akanaona kuti lachita kudulidwa dala. Wometa ankawoloka msewu nazo zonsezi nkhope ili yachisoni ngati wagwa m'mavuto aakulu. Mtsikanayo ankasoka, n'kumabisa kumwetulira m'kampango kake.

Wometayo anamupatsa dzina loti Kampango. Mtsikanayo anabwezera, akuti Sizasi, poti pakamwa pake sipankatsekeka. Posakhalitsa "inu" anasanduka "iwe", ndipo mafoni awo sankapumanso.

"Kampango wanga, lero ndatsala pang'ono kudula khutu la kasitomala. Mlandu wake ndi wako."

"Sizasi, gwira ntchito. Anthu opanda makutu sadzamva ukwati wathu ukulengezedwa."

"Ndiye wavomera kuti ukwati ulipo?"

"Ndangonena za makutu."

Ndani akanawaona osasirira? Komabe Kampango anali ndi chinthu chimene chinkamudya mumtima tsiku ndi tsiku.

M'mawa uliwonse, bambo ake asanadzuke, ankadzitsekera m'bafa ndi lezala yomwe ankaibisa m'kachitini ka mabatani. Ankameta pachibwano, m'mbali mwa masaya ndi pamwamba pa mlomo. Tsitsi lake silinali ubweya wofewa umene atsikana ambiri amakhala nawo. Linali lakuda, lolimba, ndevu zenizeni, ndipo lina linamera pachifuwa ndi pamimba. Linayamba atangotha msinkhu. Kusukulu ankamuitana "abambo", ena ankati mkazi wa ndevu amakhala wankhanza, ena ankati adzalemera. Chuma sanachione, koma misozi anaikhetsa yambiri.

Akatha kumeta ankapaka paudala, n'kukulunga kampango kubisa tiziphuphu timene lezala inkamusiyira. Pofika madzulo chibwano chinkayamba kukhakhala, ndiye sankalola kukumana ndi Sizasi dzuwa litapendeka. Dzanja anamupatsa, mtima anamupatsa, koma mnyamatayo akangofuna kumugwira tsaya, iye ankatembenuka ngati waitanidwa ndi munthu wina.

Tsiku lina Sizasi anamulembera lonjezo lomwe ankaganiza kuti ndi lokoma kuposa onse: "Ndidzakukonda ngakhale tsitsi lako lonse litathothoka."

Kampango anawerenga, anaseka pang'ono, kenako analira. Likanathothoka bwenzi atavina.

Pa tsiku lobadwa la Kampango, Sizasi anatseka babashopu masana n'kupita naye pabenchi ya pansi pa mtengo kuseri kwa mashopu. Anali atavala malaya atsopano, ndipo anatulutsa kabokosi kokulungidwa bwino m'pepala lonyezimira. Kampango anakalandira n'kumadzifunsa. Kodi ndi pefyumu? Kodi ndi chinthu chija atsikana amalota?

Anatsegula. Munali kamakina kometera, kakang'ono, koyera, ndi kabotolo ka mafuta opaka munthu akameta.

Sizasi, mwa chimwemwe chake, sanaone kuti nkhope ya mnzake yasintha. Anayamba kufotokoza monga amafotokozera makasitomala ake: kuti lezala imadula tsitsi pafupi kwambiri ndi khungu, likamakula limabwerera mkati, n'chifukwa chake tiziphuphu tija sititha. Anati kamakinako anakasankha yekha, sikaluma, ndipo pometa azitsata kumene tsitsi lagonera, osati kulimbana nalo.

"Wadziwa liti?" anafunsa Kampango, mawu ali pansipansi.

"Tsiku loyamba lomwe lija. Unawerama kudzutsa bambo pampando, kampango kanasuntha. Ndine wometa, wokondedwa, khungu lometedwa ndimalidziwa ndili patali."

Tsiku loyamba! Ndiye m'mawa wonse uja ankadzicheka m'bafa, madzulo onse aja ankathawa, munthuyu ankangoonerera? Manyazi anamugwira mpaka kuzizidwa dzuwa likuswa mtengo.

"Ndiye nthawi yonseyi mumandiona ngati kasitomala wanu," anatero, ndipo "inu" uja anabwerera ngati sanachokepo. "Atsikana anzanga amalandira maluwa. Ine mwandipatsa makina a ndevu."

Sizasi anayesa kunena kuti atulutse kaye kamakinako m'bokosi, aone bwino, koma Kampango anali ataimirira kale. Anasiya bokosilo pabenchi n'kumapita, osacheuka.

Mauthenga anabwera ambiri. "Kampango, ndalakwa, ndikhululukire." "Sindinauze munthu aliyense, ndikulumbira." "Ingondiyankha, ngakhale chitukwano." Iye ankawerenga onse koma sanayankhe ngakhale umodzi. Anasuntha makina ake osokera kuwachotsa pawindo, ndipo popita kunyumba ankazungulira njira yakuseri.

Amene anavutika nazo kwambiri ndi mutu wa bambo ake. Tsitsi litakula, Kampango anawakhazika pakhonde n'kuwameta ndi sizasi yodulira nsalu. Mdalayo atadziona pagalasi anapuma mozama, n'kunena kuti mutu wake ukuoneka ngati munda wolimidwa ndi anthu okangana. Kenako anamugwira dzanja kuti akhale pansi, ndipo anamufunsa chimene mnyamata uja analakwa.

Kampango anafotokoza mozungulira, mpaka pomaliza ananena zonse, misozi ili mbwembwembwe. Ankayembekeza kuti bambo ake adabwa. Sanadabwe.

"Mwana wanga, kachitini ka mabatani kamene kamakhala m'bafa, umayesa ndimati mumasokera momwemo?" anatero mofatsa. "Malemu amayi ako analinso nazo. Ankazizula ine ndikachoka, ndipo ine ndinkanamizira kusaona. Ndinkati ndiye ulemu. Anapita osadziwa kuti ndinkadziwa, ndiponso kuti sizinachotsepo kanthu pa chikondi changa. Zimenezo zimandiwawa mpaka lero."

Anawonjezera kuti anadikira zaka zambiri asanamuone iyeyo, mwana mmodzi yekhayo, ndipo palibe anaganizapo zokafunsa kuchipatala ngati ndevu za amayi akewo ndi kuchedwa kuberekako zinali pachibale. Mnyamata uja, anatero, ndi chitsiru posankha mphatso, koma wakutsina khutu ndi mnansi. Ndipo mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Mawa lake Kampango anapita kuchipatala. Namwino anamuuza kuti abwerenso sabata yotsatira osameta, kuti adokotala adzaone tsitsilo mmene limakhalira. Inali sabata yaitali kuposa zonse pa moyo wake. Kuntchito ankakweza kampango mpaka pamphuno, n'kumanamizira chimfine.

Adokotala anali mayi wachikulire wovala magalasi, wosapupuluma. Anayang'ana chibwano, chifuwa ndi pamimba popanda kutukula nsidze. Anafunsa ngati amasamba mwezi ndi mwezi. Kampango anavomera kuti nthawi zina pamadutsa miyezi itatu, ndipo ankangoti ndi mmene analengedwera. Anafunsanso za ziphuphu, za kunenepa, za achibale, ndiponso ngati amamwa mankhwala ena alionse kapena kudzola mafuta oyeretsa khungu, chifukwa ena mwa amenewo amameretsa tsitsi. Atamuyeza magazi ndi kumujambula m'mimba, anamukhazika pansi.

Anamufotokozera kuti thupi la mkazi aliyense limapanga pang'ono mahomoni achimuna, timadzi timene timameretsa amuna ndevu, koma mwa ena amachuluka, kapena khungu limawamva msanga, ndiye tsitsi limamera malo amene limamera mwa amuna. Mwa iye, gwero linali m'matumba a mazira, amene sankakhwimitsa mazira mwadongosolo. Ndi vuto la akazi ambiri ndipo limayenda m'magazi. Likanakhala kuti tsitsilo labuka mwadzidzidzi, mawu n'kuyamba kukula ngati a mwamuna, akanada nkhawa ndi chotupa, koma zake sizinali choncho.

"Si temberero, mwanawe, ndipo sunasiye kukhala mkazi," anatero adokotalawo.

Anamulembera mapiritsi olera, amene amabweza msambo m'malo mwake ndi kuchepetsa mphamvu ya mahomoniwo. Anati adekhe, kusintha kumaoneka pakatha miyezi isanu ndi umodzi, ndipo kukachepa adzawonjezera mankhwala ena, omwe samwedwa munthu akamafuna pakati. Anamulangiza kuyenda kwambiri ndi kuchepetsa zotsekemera, poti vutoli limakonda kuitana matenda a shuga. Tsitsi lomwe linamera kale akhoza kumameta, kumeta sikulichulukitsa monga amanenera anthu, kapena kupita kwa akatswiri a khungu kukatenthetsa mizu yake ndi makina a kuwala.

Kampango anafunsa funso limene linali litamutsamwa chilankhulireni bambo ake. Nanga ana?

Adokotala sanamunamize. Anati mwina zidzachedwa, mwina padzafunika thandizo, koma akazi ambiri otere amabereka. Nthawiyo ikadzakwana adzabwere ndi mnzakeyo.

Mnzakeyo! Anatuluka pachipata ali ndi kapepala ka mankhwala m'manja, ndevu za sabata yathunthu pansi pa kampango, ndi nkhani yolemera kuposa ndevuzo. Akanatha kupita kunyumba, kumeta, kupaka paudala, n'kukaonekera kwa Sizasi ali wosalala. Koma anatopa nako kubisala. Ngati mnyamatayo athawe, athawe ataona zonse.

Anafika pababashopu masana, kasitomala wina akutuluka. Sizasi ankasesa tsitsi pansi. Anali ataonda, ndipo iye wometa anzake, ndevu zake zinali nyankhalala. Atamuona anangoima ndi tsache m'manja.

Kampango anakhala pampando wometera, moyang'anana ndi galasi lalikulu. Anamasula kampango kaja pang'onopang'ono n'kukaika pamiyendo.

Ananena zonse akuyang'ana m'galasimo: za mahomoni, za mapiritsi, za miyezi yodikira, za tsitsi limene mwina silidzatheratu. Pomaliza ananena za ana. Anati akumuuza lero kuti asadzati anapusitsidwa, ndipo ngati akufuna kuchoka, chitseko si chimenecho.

"Chitsekocho ndi cha shopu yanga, ndipita kuti?" anatero Sizasi, maso atafiira. Anatsamiritsa tsache kukhoma n'kugwada pambali pa mpando. "Ndinalakwa, Kampango. Ndinaona khungu likupweteka, osaona kuti mtima ukupweteka koposa. Ndinalankhula ngati wometa pamene iwe umafuna bwenzi. Za ana, akabwera msanga tidzathokoza, akachedwa tidzakhala limodzi pabenchi ya kuchipatala. Ine ndinawoloka msewu uja chifukwa cha iwe."

Anatsegula kabati ya pansi pa galasi n'kutulutsa kabokosi kaja, pepala lake litakwinyika. Kampango anatsinya nkhope, koma iye anamupempha kuti ulendo uno atulutse kamakinako, angotulutsa basi.

Anakanyamula. Pansi pake, pakona ya bokosi, panali mphete yaying'ono yomangidwa ndi ulusi wachikasu.

"Inali momwemu tsiku lija?"

"Momwemo. Ndinkati uyambe waona kuti ndikudziwa, kenako uone kuti ndikukufunabe."

"Sizasi, ndiwe chitsiru," anatero akuseka ndi kulira nthawi imodzi. "Munthu amaika mphete pamwamba."

Sizasi anamuveka mpheteyo. Kenako mnyamatayo anayang'ana kamakina kaja, n'kuyang'ana chibwano chake, ndipo anafunsa mwamantha ngati amete kapena asiye.

"Siya kaye. Ingondigwira."

Sizasi anapukuta manja pa epuloni yake yodzaza zigamba. Anatambasula dzanja, limene linagwirapo zibwano za anthu osawerengeka, n'kugwira chokhacho chimene ankachilakalaka. Chinali chokhakhala, chofunda, chonyowa ndi misozi. Kampango anatsinzina, ndipo ulendo uno sanatembenuke.

Atatuluka kukauza bambo, amene mutu wawo unkafunikanso kukonzedwa mwamsanga, kampango kachikasu kanatsala pamsomali wopachikapo majekete a makasitomala. Sizasi anakakumbukira ali pakati pa msewu ndipo anafuna kubwerera.

"Kasiye," anatero mtsikanayo, atamugwira dzanja. "Kunja kuno kukutentha."