Sitima ya Ipyana ndi Mankhusu a Mpunga

Ipyana amakhala ku Kaporo. Ali mu Sitandade 3. Adada ake amagwira ntchito m'sitima yapamadzi. Amabwera kunyumba mwa apo ndi apo.

Tsiku lina foni ya Amama inalira. Anali Adada.

"Ndikubwera Loweruka," anatero Adada. "Koma ndigona tsiku limodzi lokha."

Ipyana analumpha. Analumphanso. Ankafuna kuwapatsa Adada mphatso. Ankafuna kuwapangira sitima yaing'ono, yofanana ndendende ndi sitima yawo.

Koma Ipyana, abale! Mwana ameneyu sakhazikika. Akakhala pansi, waimirira. Akaimirira, wathamanga.

Lachitatu anayamba ntchito. Anaona chithunzi cha sitima mufoni ya Amama. Anadula chiwale ndi kampeni. Chiwale n'chofewa, sichivuta kusema. Anasema kutsogolo kosongoka. Anasema tizipinda. Anasema chumuni chotulukira utsi. Analumikiza zonse ndi minga.

"Amama, yatha?" anafunsa Ipyana.

"Sinathe. Mawindo ali kuti?"

Ipyana anathamangira kufoni. Anawerenga mawindo. Anabwerera kusitima. Anaiwala nambala. Anathamangiranso kufoni!

Lachinayi anapaka penti. Anali penti wotsala pamene ankapaka chitseko. Bulashi yake inali nthenga ya nkhuku. M'mbali anapaka woyera. Pansi anapaka wofiira.

"Amama, wauma?"

"Sanaume. Chotsa chala."

Patapita kanthawi, Ipyana anabweranso.

"Amama, nanga pano wauma?"

"Iwe Ipyana, kuthamanga sikufika. Pita ukatunge madzi."

Lachisanu m'mawa penti anali atauma. Panatsala malo amodzi okha. Panatsala pamwamba, pamene anthu amayenda. Ipyana anapakapo penti wobiriwira. Anapaka wambiri zedi.

Kenako anayamba kudikira. Anauzira ndi pakamwa, fuu! Penti sanaume. Anakupiza ndi katoni. Penti sanaume. Mtima wa Ipyana unali m'mwamba. Loweruka linali mawa lomweli!

Ipyana anayang'ana pabwalo. Amama anali atayanika mpunga pamphasa. Dzuwa linali kuswa mtengo.

"Eya! Mpunga umauma msanga pamphasa," anaganiza Ipyana. "Sitima yanganso iuma msanga."

Anaika sitima m'mphepete mwa mphasa. Sanawauze Amama. Anathamangira kumsewu kukaona ngati Adada afulumira kubwera.

Amama anali kuseri kwa nyumba. Anali kusinja mpunga wa Adada. Atatha kusinja, anabwera pabwalo ndi lichero. Anayamba kupeta. Sitima ija sanaione.

Mphepo inabwera. Mankhusu a mpunga anauluka. Anauluka, anauluka, n'kutera pa penti wamuwisi uja.

Ipyana anabwerera. Anayang'ana sitima yake.

"Mayo ine! Amama, taonani!"

Pamwamba ponse panali mankhusu okhaokha. Anali atamatirira nganganga. Ipyana anayesa kuchotsa ndi chala. Chala chinabiriwira. Anayesa ndi kamtengo. Penti anakandika.

Ipyana anakhala pansi n'kuyamba kulira. Zinamupweteka kwambiri.

Amama anaika lichero pansi. "Pepa, mwana wanga. Sindinaione. Bwanji sunandiuze?"

"Ndimafuna iume msanga," anatero Ipyana akusisima. "Tsopano ndiwapatsa chiyani Adada?"

"Usaigwirenso. Isiye iume. Kenako upake penti wina pamwamba pa mankhusuwo."

Ipyana anaika sitima pakhonde. Anaivundikira ndi dengu. Anakhalira manja ake kuti asaigwire. Koma miyendo inkangogwedera.

Madzulo, penti uja atauma, anapaka wina. Ulendo uno anapaka wochepa. Mankhusu anabisika. Koma pamwamba paja sipanasalale. Panali pokhakhala ngati lilime la ng'ombe.

Loweruka linafika. Ipyana anapita kumsewu. Anabwerera. Anapitanso. Anabwereranso.

Kenako kunamveka njinga yamoto. Adada anatsika ndi chikwama chawo. Amama anawalandira. Koma Ipyana anaima patali. Manja ake anali kumbuyo.

"Ipyana, sundilandira?" anafunsa Adada. "Wabisa chiyani kumbuyoko?"

"Palibe."

"Palibe? Nanga chumuni chikusuzumira apocho n'cha ndani?"

Ipyana anatulutsa sitima pang'onopang'ono. Anayang'ana pansi.

"Ndi yanu, Adada. Koma yaonongeka."

Adada anakhala pakhonde. Anaitembenuza uku ndi uku. Anawerenga mawindo. Onse analipo.

"Aaa! Iyi ndi sitima yathu yeniyeni! Ine ndimagona apa, pa windo ili."

Kenako anasisita pamwamba ndi chala. Anaima kaye. Anasisitanso. Ipyana anatsinzina.

"Ipyana, anakuuza ndani zimenezi?"

"Ziti, Adada?"

"Zoti pamwamba pa sitima pamakhala pokhakhala. Pachithunzi sizioneka. Ife tikamapaka penti apa, timathiramo mchenga. Pakasalala, mafunde akanyowetsa, munthu amaterereka n'kugwa."

Ipyana anatsegula maso. "Zoona, Adada?"

"Zoona. Mwezi watha ndinapaka ndekha."

"Koma uwu si mchenga," anatero Ipyana. "Ndi mankhusu a mpunga wanu. Ndinaiyanika pamphasa pamene Amama amapeta."

Adada anaseka mpaka misozi. Amama nawonso anaseka.

"Ndiye kuti sitimayi mwaipanga anthu awiri, iwe ndi Amama," anatero Adada. "Ndaga, mwana wanga. Zikomo kwambiri. Mawa ndipita nayo. Ndikaiika pafupi ndi bedi langa."

Adada anaimika zala ziwiri pamwamba pa sitima. Zala zija zinayenda ngati kamunthu. Zinayenda mpaka kutsogolo. Zinabwerera mpaka kumbuyo.

"Taona, Ipyana! Sindikuterereka."

Ipyana anakwera pamwendo pa Adada. Anaikanso zala zake ziwiri pamenepo.

"Dikirani, Adada," anatero. "Nanenso ndikwera nawo."