Atombolombo pa Nkhafi ya Ababa

Ababa, ndine Rahimu. Mukudziwa kuti sikola ndinalekeza kalasi yachitatu, koma izi ndilemba.

Lero nditaswali pemphero la m'bandakucha ndinapita padooko lanu lija panyanja ya Chiuta, pomwe munkandiimika m'mawa uliwonse n'kufunsa kuti, "Wabwera ndani lero? Sanabwere ndani?" Ine n'kumatchula mbalame: akakowa abwera, atsekwe abwera, nkhwazi sinabwere. Munkati wosadziwa amene wasowa sadziwa nyanja.

Kunali chifunga. Mphepo kunalibe. Ndinakhala pachitsa chija.

Kutali m'bango kakowa mmodzi anauluka. Kenako wina, chapafupi. Kenako mpheta. Mbalame zimadzuka choncho munthu akamadutsa, koma bango silinkagwedezeka. Ndipo zinkadzuka modukiza, kuyenda, kuima, kuyenda, monga munkayendera ndi mwendo wanu wolumidwa ndi ng'ona uja.

Chinthucho chinafika patsogolo panga. Kunangoti zii.

Kunabwera atombolombo, ofiira aja. Anatera asanu ndi awiri, mondondozana, m'malere. Panalibe bango, panalibe chingwe. Anatera pamsinkhu wa phewa lanu, pomwe munkasenzera nkhafi. Chonsecho nkhafiyo ndinaisiya ndekha kuseri kwa chitseko.

Simunalankhule, koma funso ndinalidziwa. Ndinati, "Akakowa abwera. Atsekwe abwera. Nantchengwa wabwera." Atombolombo sanasunthe. Apo ndinazindikira kuti simukufunsa za mbalame. Ndinathawa.

Amayi Kulusumu, oyanika nsomba aja, anandigwira mkono panjira. Nditawafotokozera anandinong'oneza kuti, "Iwe mwana wa Bashiru, usatchule munthu. Womwalira ukamupatsa dzina amakagogoda pakhomo la mwini dzinalo."

Ndinati, "Nanga iwo pakhomo pa ababa anafika tsiku la maliro?"

"Khululuka, mwanangu. Anthuwo ali ndi ana."

Ndaganiza tsiku lonse. Ana ali nawodi. Inunso munali nawo, komabe makomo awowo ankadya nsomba za bwato lanu. Jeneza, chithatha cha maliro anu, tinanyamula anthu anayi, popanda wotilandira, mpaka kumanda. Phewa langa likadali ndi chilonda.

Mawa ndikasiya pepalali pachitsa. Munandiphunzitsa kuyankha mukafunsa.

Ashehe anabwera. Samueli anabwera, ngakhale ndi wa tchalitchi. Mng'ono wanu Amisi sanabwere, anali panyanja ndi bwato lanu. Achimwene anga a Khalidi sanabwere, akuti njinga inaphulika tayala, kuchokera ku Amaramba pompa. Fadili, amene munamuvuula m'madzi chaka cha mvula yambiri chija, sanabwere.