Deolinda Aphika Thendo la Nkhuku

Deolinda anali ndi mnzake wapamtima. Dzina lake anali Salima. Deolinda ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti Salima adye chakudya cha kwawo.

Inali nthawi ya nkhondo. Asilikali a Apwitikizi ankasamutsa anthu m'midzi. Banja la Deolinda linachoka ku Itepela. Asilikaliwo analiika m'mudzi watsopano, kufupi ndi Mandimba. Mudziwo unali ndi mpanda wa waya. Mbuzi zinatsala ku Itepela. Nkhokwe inatsala. Deolinda ananyamula tambala mmodzi basi.

Salima ankakhala nyumba yoyandikana ndi ya Deolinda. Kwa Salima anali Asilamu. Kwa Deolinda anali Akhristu.

Salima anali wopatsa. Lero mbatata. Mawa chitumbuwa. Mkuja nthochi. Deolinda ankangolandira. Kulandira, kulandira, kulandira! Mapeto ake manyazi anamugwira.

Tsiku lina Deolinda anapatsidwa mbewa yootcha. Inali yonona bwino! Anathamanga nayo kwa mnzake.

"Tenga, Salima. Idya," anatero Deolinda.

Salima anabisa manja kumbuyo.

"Pepa, Deolinda. Ife sitidya mbewa."

Deolinda anakhumudwa kwambiri. Anaidya yekha mbewa ija, koma sinakome.

"Nanga nkhuku mumadya?" anafunsa Deolinda.

"Timadya," anayankha Salima. "Koma aizinge Msilamu, atapemphera."

Patapita masiku, kwa Deolinda kunabadwa mwana. Anamutcha Samuele. Tsiku lomutulutsa m'nyumba linafika. Anansi onse ankabwera kudzamuona.

M'mawa Deolinda anapita kuchitsime. Pobwera, anaona bambo ake kuseri kwa nyumba. Anali ataponda mapiko a tambala. Mpeni unali m'manja.

"Abambo! Dikirani!" anakuwa Deolinda.

Ndowa inagwa. Madzi onse anatayika.

"Iwe, n'chiyani?" anafunsa Abambo. "Ukumumvera chisoni tambala?"

"Ayi, Abambo. Ndikufuna amuzinge Che Abudo."

Che Abudo anali bambo ake a Salima.

"Kodi mpeni wangawu ndi wobuntha?" anafunsa Abambo. Nkhope yawo inali itakwinyika. Kwawo ku Itepela ankazinga okha nkhuku zawo.

"Ndi wakuthwa, Abambo," anatero Deolinda. "Koma mukazinga inu, Salima sadya. Ndipo nkhuku ina tilibe."

Abambo anayang'ana tambala. Anayang'ana Deolinda. Anakanda mutu. Kenako anachotsa phazi.

"Chabwino. Pita naye," anatero. "Ukabwera, ukatungenso madzi wataya aja!"

Deolinda anamukumbatira tambala. Anathamanga naye.

"Odi! Odi, Che Abudo!"

"Lowa, mwanangu. Kwagwanji?"

Deolinda anagwada.

"Tikupempha mutizingire nkhukuyi. Tikufuna tidye tonse."

Che Abudo anamwetulira. Ananola mpeni wawo. Anayang'ana kumpoto. Anati, "Bisimilahi," ndipo anazinga.

Deolinda anabwerera kunyumba. Anatunganso madzi. Anasosola tambala. Anamuphika mpaka anafewa.

Amayi anali asanalimbe. Anakhala pamphasa, Samuele ali m'manja.

"Mwanangu, tambala ndi mmodzi," anatero Amayi. "Miyendo ndi iwiri yokha. Anthu ndi ambirimbiri. Akwana bwanji?"

Deolinda anaganiza. Anaganiza. Anaganizanso.

"Akwana, Amayi. Inu khalani pomwepo."

Anachotsa mafupa onse. Ananyotsola nyama ting'onoting'ono. Mwendo sunaonekenso. Chiganga sichinaonekenso. Panalibe woti anene kuti, "Changa ndi ichi!"

Kenako anatenga mtedza. Anasinja mumtondo. Thi! Thi! Thi! Manja anawawa, koma sanasiye. Anasefa nsinjiro. Anazithira mu msuzi wa nkhuku. Anavundula, anavundula, anavundula. Thendo linalimba. Linali losalala ngati phala la mwana.

Deolinda anatsuka mbale ziwiri zazikulu. Ina ya abambo, ina ya amayi ndi ana.

Pansi anaika thendo.

Pamwamba pa thendo anaika nkhuku.

Pamwamba pa nkhuku anaika matimati.

Pamwamba pa matimati anaika anyezi.

Ndiye anayambiranso. Thendo, nkhuku, matimati, anyezi! Mbale zonse zinadzaza. Pomaliza anafinyira ndimu. Pambali anaika chinangwa chophika.

Anyezi anamuliza misozi. Ufa wa mtedza unali pamphuno. Koma Deolinda ankayenda ngati mayi wamkulu!

Masana alendo anafika. Anamuona Samuele. Anamunyamula, anamuseketsa. Samuele sanasamale. Anangoyasamula n'kugona.

Deolinda anabweretsa madzi osamba m'manja. Kenako anabweretsa mbale zija.

"Aa! Ichi ndiye chiyani?" anafunsa mayi wina.

"Tengani chinangwa," anatero Deolinda. "Musunse mpaka pansi."

Mayi uja anasunsa. Chinangwa chinatuluka ndi thendo. Chinatuluka ndi nkhuku. Chinatuluka ndi matimati ndi anyezi.

"Mayo ine! Kukoma!" anatero.

Onse anayamba kusunsa. Akhristu anasunsa. Asilamu anasunsa. Aliyense anapeza nyama.

Koma Deolinda sanadye. Ankayang'ana Salima.

Salima anagwira chinangwa. Sanasunse. Anatembenuka n'kuyang'ana bambo ake.

"Idya, mwanangu," anatero Che Abudo. "Ndazinga ndekha."

Salima anasunsa. Anaika m'kamwa. Anatafuna pang'onopang'ono. Kenako anasunsanso. Anasunsanso!

"Pang'onopang'ono, Salima! Utsamwa!" anatero mayi ake. Anthu onse anaseka.

Che Abudo ananyambita zala.

"Bambo Silvestre, waphika ndani zimenezi?" Che Abudo anafunsa bambo ake a Deolinda.

Abambo anatulutsa chifuwa.

"Mwana wanga Deolinda," anayankha mokweza. "Yekha!"

Amayi analuluta. Deolinda anasangalala kwambiri. Ananyadira, ndipo sanabise.

Salima anasendera pamphasa. Anamukoka Deolinda dzanja.

"Khala apa, iwe," anatero ndi chakudya m'kamwa. "Idya msanga. Apo ayi, ndimaliza ndekha!"

Deolinda anakhala pansi. Anatenga chinangwa. Anasunsa m'mbale imodzi ndi Salima.