Malisiti Abodza a Lameki

Ku Dzivarasekwa, dera la anthu akuda mumzinda wa dziko lina lomwe linkalamulidwa ndi azungu, m'chaka cha 1976, banja la bambo Yoramu Chimbalanga linkadziwika ndi kupemphera komanso kusakonda mikangano. Bambowo anachoka ku Ntcheu ali mnyamata, ndipo ankawotcherera zitsulo pa fakitale ina ku Workington. Akazi awo, mayi Effie, anasankhidwa kukhala msungichuma wa komiti ya makolo pa sukulu ya pulayimale ya m'deralo. Inali ntchito yongodzipereka, yopanda malipiro. Kholo lililonse linkasonkha dola imodzi pa temu kuti amange kalasi ina, popeza ana anali atachulukira zipinda. Mayi Effie ankayenda khomo ndi khomo ndi buku la malisiti mpaka miyendo kutupa, chifukwa makolo ambiri sankabweretsa okha ndalamazo.

Mwana wawo woyamba, Lameki, anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Anakhoza bwino Giredi 7, koma malo ku sekondale sanawapeze, ndipo ntchito kulikonse ankamukana. Mtima wake unali wowawa. Ataona mayi ake akutsimphina, anadzipereka kuti azikatolera ndalama m'misewu ya kumunsi. Mayi anakondwa, koma bambo Yoramu anamukhazika pansi.

"Ukalandira, lemba. Ukalemba, bweretsa tsiku lomwelo. Ndalama ya ana a eni siigona m'thumba."

Sabata ziwiri zoyamba Lameki anamvera. Kenaka anakumana ndi Lenox, mnzake wakale amene ankagulitsa katundu wosadziwika kochokera. Lenox ataona chikwama cha ndalamazo anaseka.

"Boma la azungu likutibera tsiku ndi tsiku, iwe nkumaopa madola awiri? Sukulu inakutaya, lero ukuimangira kalasi?"

Mawuwo anamukanda Lameki pamene pankamuyabwa. Lenox anamugulira m'tauni buku lina la malisiti lofanana ndi la mayi ake. Kholo likalipira, Lameki ankalemba m'buku labodzalo, dola nkulowa m'thumba. Poyamba ankadziuza kuti adzabweza. Posakhalitsa anagula nsapato zazitali zidendene, ndipo masana ambiri ankathera kumowa ndi Lenox.

Mayi Effie atadabwa kuti anthu a kumunsi asiya kulipira, Lameki anati onse akudandaula kukwera mtengo kwa zinthu. Bambo ake atamva fungo la mowa nkumufunsa za nsapatozo, anawayang'ana m'maso.

"Inu mwagwirira mzungu zaka makumi awiri, mwapindula chiyani? Musandiphunzitse za chilungamo."

"Ndapindula dzina," anatero bambo Yoramu. "Ndikamadutsa, anthu sabisa zikwama zawo."

Lameki anamenyetsa chitseko nkutuluka.

Temu ikutha, makolo anasonkhana pa sukulu Loweruka masana. Wapampando anayamba kuwerenga mayina a amene sanalipire. Atatchula mayi Celestina, mayi wamasiye wogulitsa tomato, mayiwo anaimirira atakweza lisiti m'mwamba. Ena anatulutsanso awo, mpaka anakwana makumi asanu ndi limodzi. Munthu wina anafuula kuti ananena kale, ndalama sapatsa Manyasarandi, kutanthauza obwera ochokera dziko la kwawo kwa a Chimbalanga. Mayi Effie analandira lisiti limodzi, nkuzindikira kalembedwe ka mwana wawo. Anakhala pansi.

Lameki anali ataima kumbuyo, ndipo maso onse anatembenukira kwa iye. Kutchedwa mbala pamaso pa anthu kunamukulira. Nthawi imeneyo nkhondo inali itavuta kumidzi, ndipo omenyera ufulu anthu ankangowatchula monong'ona kuti anyamata akutchire. Lameki anatukumula chifuwa.

"Inde, ndinatenga ndine. Ndinatumiza kwa anyamata akutchire. Amene akufuna dola yake akawafunse iwowo."

Anthu anayamba kutuluka mmodzimmodzi, aliyense maso pansi, ndipo palibe anafunsanso za ndalama. Lameki anapita kunyumba akudziona ngati wapambana. Mayi ake anamugwira dzanja pakhomo.

"Bwerera ukabweze mawu amene aja. Kuba kwako kwatichititsa manyazi, koma bodza ili litiphetsa."

Iye anakana, nati munthu wamwamuna sabweza mawu.

Pamsonkhanopo panali kazitape. Lolemba m'mawa galimoto ya apolisi inaima pakhomo, nkutenga Lameki ndi bambo ake omwe. Mlandu wothandiza omenya nkhondo unkatha kumufikitsa munthu pa chingwe chonyongera. Apolisiwo anamumenya Lameki kuti atchule amene ankalandira ndalamazo, koma analibe dzina loti atchule. Tsiku lachitatu anamva bambo ake akubuula m'chipinda choyandikana. Apo matama onse anatha.

"Asiyeni bambo anga. Ine ndine mbala chabe. Ndalama zonse ndinamwera mowa."

Zoonazo anazinena mobwerezabwereza, koma palibe anamukhulupirira msanga. Anatchula Lenox, koma Lenox analumbira kuti sakumudziwa. Panatha sabata zitatu apolisi asanatsimikize kuti anali wakuba wamba. Khoti linamulamula kukhala m'ndende zaka ziwiri. Bambo Yoramu anatuluka khutu lakumanja litagontha, ntchito itatha. Nyumba nayonso analandidwa chifukwa inkayendera ntchitoyo, ndipo anauzidwa kubwerera kwawo.

Mayi Effie anagulitsa mipando ndi wailesi. Anakapereka ndalama zonse kwa wapampando pamaso pa makolo, ali chilili, nati banja lawo silichoka ndi senti ya mwana wa munthu. Asanakwere sitima anapita kundende. Lameki anagwada kuseri kwa waya, akulira ndi kupepesa.

"Takukhululukira," anatero mayi ake. "Ukadzatuluka udzatipeze ku Ntcheu. Ndipo polankhula ndi bambo ako, uziima mbali ya kumanzere."

Achinyamata, ndalama imene makolo asonkhera ana musaikhudze, ngakhale mtima wanu utawawa chotani ndi dziko. Kulakwiridwa sikupatsa munthu ufulu wobera anzake. Ndipo mukagwa m'tchimo, vomerani lidakali laling'ono, chifukwa bodza lophimbira tchimo limapweteketsa ngakhale amene sanalaweko zakubazo.