Nkhope ya Yara

Rufina adali telala ku Ulongwe wa m'chigawo cha Tete. Makina ake adali akale, opalasa ndi mwendo, omwe makolo ake adabwera nawo pobwerera kwawo kuchokera ku Dedza nkhondo itatha. Ankasokera pakhonde la loja, sitolo ya munthu wina pafupi ndi msika, ndipo nthawi yachisanu zala zinkamuuma mpaka kulephera kulowetsa ulusi pasingano. Ntchito yambiri idali ya zigamba ndi mazipi. Mwamuna wake adapita ku Tete kukafuna ntchito, nakwatira komweko. Rufina adatsala ndi mwana mmodzi, Yara, namwali wa ku sekundariya, wokonda kuseka ndi kuimba kwaya.

Tsidya la msewu kudali Violeta, amene adaphunzira naye kusoka limodzi. Violeta adali ndi tsamba pa Fesibuku. Ankajambula madiresi ake, anthu a ku Tete ndi ku Lilongwe n'kumamulembera pa Watsapu, iye n'kumatumiza zovala pa shapa, minibasi zonyamula anthu. Rufina ankaona mitolo ikutuluka m'loja ya mnzakeyo tsiku ndi tsiku, mtima n'kumamuwawa, chifukwa ankadziwa kuti pa kudula nsalu Violeta sangamupose.

Yara adawatsegulira amayi ake tsamba lawo. Adawauza kuti azijambula zovala m'mawa kuwala kuli bwino, aziyankha anthu msanga, ndipo azipempha amene wasokedwera kuti alembepo mawu oyamikira. Adati zinthu zotere zimakula pang'onopang'ono ngati mtengo wa pichesi. Koma miyezi idapita, oyang'ana tsambalo ali abale okhaokha ndi anzake a Yara akusukulu. Ndalama yogulira megas a intaneti inkachoka pa ya ndiwo.

Tsiku lina mayi wina wodzasoketsa chigamba adamunong'oneza za a Sebastião, sing'anga wokhala m'mapiri kupitirira Fonte Boa. Rufina adakana pakamwa, koma sabata isadathe adanyamuka, atauza Yara kuti akukaona mbale wodwala.

Adawapeza masana atakhala pamkeka, akusankha nyemba m'lichero. Adali munthu waukhondo, wovala jekete, wolankhula motsitsa mawu. Rufina adagwada n'kufotokoza mavuto ake, ndipo iwo sadadzutse mutu.

"Ndiye mwabwera kudzafuna maso," adatero a Sebastião. "Malonda a masiku ano ndi maso. Amene akuyang'anidwa ndiye akudya."

Rufina adavomera.

"Koma maso sakhuta nsalu, mayi. Amafuna munthu. Kwanu kuli ndani amene mukamuona mtima umakhala pansi?"

Rufina adaganiza za Yara.

"Musavutike kumutchula. Ndamumva."

Adatulutsa kabotolo ka mafuta akuda. Adamuuza kuti azipaka pang'ono pa diso la foni asadajambule, ndipo wojambulidwayo akhale yemweyo basi, atavala zosoka zake. Aliyense woyang'ana chithunzicho adzalakalaka chovalacho usiku ndi usana. Koma aliyense woyang'ana adzatapanso pang'ono kwa mwanayo, monga anansi amatapira mchere.

"Adzatapa chiyani?" adafunsa Rufina.

"Chimene ali nacho."

"Adzafa?"

A Sebastião adataya nyemba yofumbwa n'kumuyang'ana koyamba. "Ine sindipha munthu. Chitsime sichiphwa ndi chikho chimodzi. Mukadzaona kuti zakwana, mudzasiya nokha."

Rufina adafunsa za malipiro. Iwo adati malipiro awo ali momwemo, asade nkhawa.

Pobwerera adadziuza kuti ajambula zithunzi zochepa chabe, angogula makina amagetsi, basi. Adadziuzanso kuti mwina nkhalambayo imangoopseza kuti mankhwala ake aoneke amphamvu.

Yara adasangalala atamva kuti iye ndiye azivala madiresi pazithunzi. Adavala la kapulana, chitenje chobiriwira, naima pafupi ndi munda wa mbatatesi womwe udali kuchita maluwa, akuseka kuti amayi ake akugwira foni mopendeka. Pofika mawa lake foni idali ikulira osalekeza. Anthu osawadziwa ankafunsa mtengo, ena ankatumiziratu ndalama osakambirana. Ankagawira anzawo chithunzicho, anzawowo n'kugawiranso ena.

Chaka chisadathe Rufina adali ndi loja yakeyake, makina amagetsi ndi atelala omusokera. Mnyamata wina wa ku Tete adamukonzera webusayiti, ndipo ma enkomenda, maoda a zovala, ankachokera mpaka ku Beira. Mitolo tsopano inkatuluka kwa iye, yopita kumalire ku Kalomwe ndi yopita kumunsi ku Tete. Adamanga nyumba yamalata yokhala ndi galasi lalikulu m'chipinda cha Yara.

Choyamba kuchoka chidali nyimbo. Yara adabwera kuchokera kukwaya n'kunena kuti mawu akumuthera pakati pa nyimbo, ngati wina wamutseka pakhosi. Rufina adati ndi chimfine cha kumapiri. Kenaka kuseka kudachepa. Msungwana amene ankadzaza nyumba ndi nkhani za kusukulu adayamba kungokhala pakhomo, manja pamiyendo. Aphunzitsi adaitana Rufina kudzamuuza kuti mwana wake amangoyang'ana bolodi osalemba kanthu, ndipo zimene adaphunzira dzulo lero sazidziwa. Kuchipatala adamuyeza magazi ndi chifuwa, osapeza matenda.

Koma pazithunzi Yara ankaoneka wokongola kuposa kale. Masaya odzaza, maso owala. Anthu ankalemba pansi pake kuti mwana uyu Mulungu adamuumba atapuma bwino. Rufina ankayang'ana pafoni, n'kuyang'ana mwana wake wowondayo ali pampando, n'kubwereranso pafoni chifukwa kumeneko kudali kosavuta kuyang'ana.

Mantha atamukulira adasiya kujambula. Adabisa kabotolo kaja pansi pa nsalu zakale. Tsamba lidazizira, ma enkomenda adachepa, atelala awiri adachoka. Yara adayamba kudzuka yekha. Tsiku lina adapempha chimanga chootcha, ndipo akutsuka mbale Rufina adamumva akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Adaima kuseri kwa chitseko akulira mwakachetechete, nalumbira kuti sadzagwiranso mafuta aja.

Lumbirolo lidatha mwezi umene mayi wina wolemera wa ku Beira adalemba kuti akufuna zovala za ukwati wa mwana wake, za mkwatibwi ndi operekeza onse. Adati akufuna aone kaye diresi la mkwatibwi litavalidwa ndi msungwana uja wa pazithunzi. Sabata yomweyo Violeta adatsegula loja yachiwiri. Rufina adasoka diresilo ndi manja ake, ndipo litatha adafukula kabotolo.

Yara adalivala movutika. Lidamukulira m'chiuno, amayi ake n'kulimanga ndi mapini kumsana.

"Amayi, ndatopa," adatero. "Bwanji mungojambula diresi lokha?"

"Kamodzi kokha, mwana wanga. Komaliza."

Yara adaimirira bwinobwino n'kumwetulira monga adazolowera, chifukwa sadali mwana wokana amayi ake.

Chithunzi chimenecho chidayenda kuposa zonse. Chidafika kumene Rufina sadafikeko ndi kale lonse. Foni inkachita kutentha m'manja ndi mauthenga.

Patapita masiku, Rufina adalowa m'chipinda cha Yara m'mawa atanyamula phala. Msungwanayo adali atakhala pabedi. Adamuyang'ana mwaulemu, monga ankayang'anira anthu obwera kuloja.

"Takulandirani," adatero ndi mawu ang'ono. "Mwabwera kudzayesa diresi? Amayi atuluka, koma abwera posachedwa."

Mbale idagwa. Rufina adagwada n'kumugwira manja, akumuuza kuti ndi iyeyo mayi wake, akumutchula dzina laubwana limene ankamuitanira ali kumsana. Yara adangomwetulira n'kunena kuti adikire pang'ono.

Tsiku lomwelo Rufina adafufuta zithunzi zonse, natseka tsamba ndi webusayiti yomwe. Kabotolo adakaponya m'chimbudzi. Koma Yara adapitirira kutha. Adasiya kudya, adasiya kuyenda. Rufina adathamangira kumapiri kuja, nawapeza a Sebastião akumanga khola la nkhunda. Adadzigwetsa pamapazi awo, nati atenge loja, nyumba, makina, ngakhale moyo wake womwe, koma amubwezere mwana.

"Ndidakuuzani kuti mudzasiya nokha," adatero iwo. "Mwasiya?"

"Ndafufuta zonse."

"Mwafufuta zanu. Nanga za m'mafoni a anthu?"

Rufina adakumbukira anthu onse amene adasunga zithunzi zija, amene adazitumiza kwa atelala awo kuti awasokere zofanana, amalonda a kutali amene adaziika pamasamba awo ngati zawo.

"Akuyang'anabe," adatero a Sebastião, n'kupitiriza kumanga khola.

Amene adabwera kudzamuthandiza kudwazika adali Violeta. Adatseka loja zake, nabwera ndi bulangete ndi mkaka. Ankamutembenuza Yara, kumusambitsa, kumupesa tsitsi. Sadafunse chilichonse. Rufina adafuna kumuuza zonse, koma adangofunsa ngati iyenso adapitako kwa sing'anga. Violeta adadabwa, nati tsamba lake lidakhala zaka zambiri lili ndi anthu ochepa, kungoti Rufina sankaliona nthawi imeneyo.

Yara adamwalira m'mawa wina nthawi yokumba mbatatesi, mutu uli pamiyendo ya amayi ake. Mpaka pomaliza ankafunsa mwaulemu ngati amayi abwera.

Maliro adali aakulu. Kudabwera akwaya, anzake akusukulu, ndi anthu ena amene ankangomudziwa pafoni. Ali kumanda, Rufina adadzutsa mutu n'kuona mayi woyandikana naye akulemba pafoni mawu achipepeso, pamwamba pake pali Yara m'diresi la ukwati. Adatembenuka, naona foni ina, ndi inanso. Aliyense adali ataika chithunzi cha malemuyo kuti anzake amve za zovutazo. Rufina adalanda foni ya mayi uja n'kuimenyetsa pamwala, akukuwa kuti amusiye mwana wake, atsala naye chiyani. Adachita kumugwira amuna.

Nzeru zake sizidabwererenso. Loja idatsekedwa, makina adagawana abale. Violeta adayesa kumusunga kwake, koma ankathawa. Masiku ano amapezeka ku Kalomwe, pakati pa malole, osintha ndalama ndi a njinga zonyamula katundu. Savutitsa munthu. Akaona wina akuyang'ana pafoni amamuyandikira, kugwada, n'kuwomba m'manja mwaulemu.

"Pepani bambo, ngati muli ndi chithunzi cha mwana wanga, fufutani. Watopa."

Ena amamupatsa buledi, ena amamuonetsa foni kuti aone yekha kuti mulibe. Amathokoza, n'kupita kwa wotsatira.

Anthu a ku Ulongwe akamakamba za Rufina sanena kuti adali mfiti. Amati ankamukonda mwana wake, ndipo nzoona. Koma dyera silibwera ngati mdani. Limabwera ngati mnzako wokumvera chisoni, n'kumakuuza kuti kamodzi kokha sikapha. Chuma cha mankhwala sichilipiridwa ndi zimene ungathe kutaya, chimasankha chokhacho chimene sungakhale popanda icho. Ukaona malonda a mnzako akuyenda, pirira ndi singano yako. Kulemera msanga kudamusiya Rufina ndi nyumba yamalata yopanda womuitana kuti amayi.