Kafupi ndi Buku Lozondoka

Kafupi anali mtsikana wa kalasi yachiwiri. Anali wamfupi kuposa anzake onse. N'chifukwa chake ankamutchula Kafupi.

Kafupi ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kupita ndi buku kunyumba. Ankafuna kuwerengera mng'ono wake nthano.

Mng'ono wakeyo ankamutchula Kamchira. Kafupi akapita kumpopi, Kamchira ali pambuyo. Kafupi akapita kugolosale, Kamchira ali pambuyo.

Kale amayi awo ndi amene ankawawerengera. Koma amayi anadwala, ndipo anamwalira. Anthu anabwera ambiri. Analira, anadya, anapita. Nawo mabuku a amayi anapita. Palibe anaona amene anawatenga.

Bambo awo anali telala. Ankasoka pakhonde la nyumba. Makina ankalira tsiku lonse, tcheketcheke, tcheketcheke. Bambowo sankayankhulanso kwambiri. Maso awo ankangokhala pa singano.

"Achemwali, ndiwerengereni nthano," anatero Kamchira.

"Buku palibe," anayankha Kafupi.

"Kusukulu kwanu kulibe mabuku?"

"Aliko. Ndidzabwera nalo limodzi."

Chaka chimenecho kusukulu kunabwera mabuku atsopano. Anabwera pagalimoto, ali m'makatoni. Ankanunkhira bwino.

"Ana a m'dziko lonse akuphunzira buku lomweli," anatero aphunzitsi. "Tsamba limene tili ife, nawonso ali pomwepo."

Aphunzitsi nawo anali ndi buku lawo. Linali lonenepa ngati njerwa. Linkawauza zoti aphunzitse tsiku lililonse.

Koma ana anali ambiri. Mabuku anali ochepa. Ana ankakhala pansi m'magulu. Gulu lililonse linkazungulira buku limodzi.

M'gulu la Kafupi munali Chimphona. Anali mnyamata wamtali, wa mapewa ngati chitseko.

"Wamkulu pano ndine," anatero Chimphona. "Buku liziyang'ana kwa ine."

Ena anakhala kumanja kwake. Ena anakhala kumanzere kwake. Kafupi anasowa malo. Anakakhala kutsidya kwa buku.

Kumeneko zonse zinali chadodolido. Nyumba ya pachithunzi inali denga pansi. Mbuzi inali miyendo m'mwamba. Akati ayang'ane pabolodi, ankangoona mitu ya anzake.

Tsiku lililonse aphunzitsi ankaphunzitsa chimodzimodzi.

"Choyamba ine," ankatero. Ndipo ankawerenga okha.

"Tsopano tonse," ankatero. Ndipo kalasi yonse inkawerenga.

"Tsopano iwe wekha," ankatero. Ndipo ankaloza mwana mmodzi.

Chimphona ankakonda kuyendetsa chala m'buku. Chala chake chinali chachikulu. Kafupi ankachitsatira ndi maso. Chala chikaima, iye ankamvetsera mawu. Chala chikayenda, iye ankayenda nacho. Lero mawu amodzi. Mawa mawu ena. Mawu onse ankalowa m'mutu mwake.

Tsiku lina aphunzitsi analengeza nkhani yabwino.

"Amene awerenge yekha tsamba lonse Lachisanu, abwereka buku. Akagona nalo kunyumba. Adzabweza Lolemba."

Mtima wa Kafupi unadumpha. Tsambalo ankalidziwa lonse!

Lachisanu linafika. Kafupi anakweza mkono. Anaukweza mpaka anaima ndi zala za kumapazi.

"Kafupi, bwera," anatero aphunzitsi.

Anamupatsa buku m'manja. Kafupi anayang'ana tsamba. Mbuzi inali itaimirira. Zilembo zonse zinali zachilendo. Palibe chimene ankachidziwa.

Kafupi anazondotsa bukulo.

Kalasi yonse inaphulika ndi phwete.

"Onani! Walizondotsa!" anakuwa Chimphona. "Ameneyu ndi mleme!"

"Khalani chete!" anatero aphunzitsi. Anatenga buku. Analitembenuza mwachifundo. "Gwira chonchi, mwanawe. Yamba."

Kafupi anayang'ana. Anatsegula pakamwa. Koma sanathe kuwerenga ngakhale mawu amodzi.

"Usadandaule," anatero aphunzitsi. "Udzayesanso. Kakhale pansi."

Kunyumba Kamchira anamuchingamira pamsewu. Anapisa dzanja m'chikwama. Anapezamo kope ndi pensulo basi.

"Buku lija lili kuti, achemwali?"

"Silinapse," anatero Kafupi.

"Kodi buku limapsa?"

"Eya. Ngati nthochi."

Kamchira anakhulupirira. Kafupi anapita kuseri kwa nyumba. Analira pang'ono. Makina a bambo ankangolira, tcheketcheke, tcheketcheke.

Lachisanu lina linadutsa. Linanso linadutsa. Kafupi sanakwezenso mkono.

Ndiye m'mawa wina panja panalira njinga yamoto. Ana onse anasuzumira pawindo. Panatsika mayi wina wovala chisoti chachikulu.

"Awa ndi alangizi," anatero aphunzitsi. "Amayendera masukulu. Amathandiza ife aphunzitsi kuphunzitsa bwino mabuku atsopanowa."

Aphunzitsi anapukuta thukuta pamphumi. Choko chinagwa m'manja mwawo. Kafupi anadabwa. Kani nawo aphunzitsi amachita mantha?

Alangizi sanakhale pampando. Anavula chisoti. Anayenda gulu ndi gulu. Atafika pa gulu la Kafupi, anagwada pansi.

"Andiwerengere ndani?" anafunsa.

"Ine!" anatero Chimphona.

Chimphona anaika chala patsamba. Linali tsamba latsopano.

"Mbuzi ya-tha-wa," anawerenga. "Mbuzi ya-lo-wa m'... m'..."

Chala chinaima. Chimphona anakanda m'mutu.

"M'sitolo," ananong'ona Kafupi.

"M'sitolo!" anatero Chimphona mokweza. "Mbuzi ya-dya chi... chi..."

"Chipewa," ananong'ona Kafupi.

"Chipewa!" anakuwa Chimphona.

Alangizi anadzutsa mutu. Anayang'ana uku. Anayang'ana uko.

"Pano pali kambalame kakulira," anatero. "Kali kuti?"

Ana onse analoza Kafupi.

"Ameneyo sadziwa kuwerenga," anatero Chimphona. "Amangolota. Buku amaligwira chadodolido."

Kafupi anamva kutentha m'makutu. Anafuna kubisala. Koma anakumbukira dzanja la Kamchira likufufuza m'chikwama. Anaimirira. Ngakhale ataimirira, anangofanana msinkhu ndi alangizi ali chigwadire.

"Ndimadziwa kuwerenga," anatero. "Ndimadziwa! Koma amangonditembenuzira buku."



"Chabwino," anatero alangizi. "Wina asalikhudze bukuli. Khala pomwe umakhala. Tiwerengere."

Kafupi anakhala kutsidya kwa buku. Mbuzi inali miyendo m'mwamba. Zilembo zonse zinali anzake akale.

"Mbuzi yathawa," anawerenga. "Mbuzi yalowa m'sitolo. Mbuzi yadya chipewa. Mwini sitolo wakwiya."

"Waloweza!" anatero mwana wina.

Alangizi anatsegula kumapeto kwa buku. Kumeneko kalasi inali isanafikeko. Kunalibe ndi chithunzi chomwe.

Kafupi anapuma. Anawerenga mzere woyamba. Anawerenga wachiwiri. Anawerenga mpaka tsamba linatha.

Mtsikana wina anayamba kuwomba m'manja. Kenako gulu lonse. Kenako kalasi yonse. Ana a kalasi yoyandikana anabwera kudzasuzumira pakhomo.

Chimphona anali kukamwa yasaa!

Aphunzitsi anagwira pachifuwa. "Mayo ine! Mwana amawerenga, ine osadziwa!"

"Musadzidzudzule, aphunzitsi," anatero alangizi akuseka. "Mwaphunzitsa bwino. Mawu onse alowa. Angoti alowera khomo la kuseri."

Kenako anafunsa ana. "Ndani winanso amakhala kutsidya kwa buku?"

Mkono unakwera m'gulu lina. Wina unakwera m'gulu linanso. Gulu lililonse linali ndi wake. Onse anali ana ang'onoang'ono.

Alangizi ndi aphunzitsi anapita pawindo. Anatsegula buku lonenepa lija. Anakambirana motsitsa mawu. Kenako aphunzitsi anabwerera akumwetulira.

"Kuyambira lero palibenso kuzungulira buku," anatero. "Muzikhala mbali imodzi. Aafupi kutsogolo, pafupi ndi tsamba. Aatali agwade kumbuyo kwawo. Ndipo wogwira buku azisintha tsiku lililonse."

"Nanga ine?" anafunsa Chimphona.

"Iwe khosi lako ndi lalitali," anatero aphunzitsi. "Uziona ngakhale uli panja."

Ana anaseka. Nayenso Chimphona anaseka pang'ono.

"Kafupi," anatero aphunzitsi. "Wawerenga wekha tsamba lonse. Lachisanu buku ndi lako."

Kafupi anasangalala kwambiri. Koma kenako nkhope yake inagwa.

"Chavuta n'chiyani?" anafunsa aphunzitsi.

"Mng'ono wanga amakonda zithunzi. Ndikazondotsa buku, aziona mbuzi miyendo m'mwamba. Sindikufuna. Ndiphunzitseni kuwerenga ngati anzanga."

"Tiyamba lero lomwe," anatero aphunzitsi.

Ataweruka, ana ang'onoang'ono aja anatsalira. Aphunzitsi anakhala nawo pansi. Anaika buku patsogolo pa Kafupi, lili chadodolido.

"Awa ndi mawu anji?"

"Mbuzi."

Aphunzitsi anazunguza buku pang'ono. "Nanga tsopano?"

Kafupi anapendeketsa mutu. "Mbuzi."

Analizunguzanso. Analizunguzanso. Buku linaongoka.

"Nanga tsopano?"

Kafupi anayang'anitsitsa. "Ndi mbuzi yomwe ija! Yangodzuka!"

"Ndi yomweyo," anatero aphunzitsi. "Mawu onse ndi omwewo. Tiwadzutsa amodziamodzi."

Ntchito inali yovuta. Mawu ena ankadzuka msanga. Ena ankachita ulesi. Kafupi ankalakwitsa, n'kuyambiranso. Ankalakwitsa, n'kuyambiranso.

Tsiku lotsatira, nthawi yopuma, Chimphona anabwera. Anaima chapatali. Ankakumba pansi ndi chala cha kuphazi.

"Iwe Kafupi," anatero. "Undiphunzitse mawu ataliatali aja."

"Mleme ungaphunzitse munthu?" anafunsa Kafupi.

"Pepa. Ndimangocheza."

"Chabwino. Iwe undisonyeze koyambira mzere. Ine ndikuuza mawu."

Anakhala pansi pa mtengo. Chimphona ankaloza. Kafupi ankawerenga. Wina akakakamira, mnzake ankamukoka.

Lachisanu linafika. Kafupi anakweza mkono.

"Iwe unawerenga kale," anatero aphunzitsi. "Buku lako nali."

"Ndikufuna kuwerenganso," anatero Kafupi.

Anaima kutsogolo kwa kalasi. Anagwira buku molunjika. Mbuzi inali itaimirira. Anawerenga pang'onopang'ono. Pamzere wachitatu anakakamira. Manja ake anayabwa kuti azondotse buku. Koma analigwira zolimba. Anayang'ananso. Mawu aja anadzuka. Anawerenga mpaka pamapeto.

"Ameneyo ndi wa gulu lathu!" anakuwa Chimphona. Anawomba m'manja kuposa onse.

Kafupi anathamanga njira yonse. Buku sanaliike m'chikwama. Analikumbatira pachifuwa.

Kamchira anamuona ali patali.

"Lapsa?" anakuwa.

"Lapsa!" anayankha Kafupi.

Anafika pakhonde ali wefuwefu. Anasuntha zidutswa za nsalu. Anakhala pansi. Kamchira anakhala patsogolo pake, maso ndi maso.

"Uko ayi," anatero Kafupi. "Bwera pano, pambali panga. Phewa lako likhudze langa."

Kamchira anasendera. Kafupi anatsegula buku.

"Mbuzi yathawa," anawerenga. "Mbuzi yalowa m'sitolo."

"Iyo apo!" anatero Kamchira. "Ili ndi ndevu!"

"Mbuzi yadya chipewa."

Kamchira anaseka mpaka kugwa chagada.

Makina anasiya kulira. Kafupi anadzutsa mutu. Bambo anali atachotsa phazi pa chopondera. Ankamuyang'ana. Maso awo anali onyowa.

"Ababa, mukulira?" anafunsa Kamchira.

"Ayi. Kaulusi kandigwera m'maso."

"M'maso onse awiri?"

"Ulusi wa masiku ano ndi wotero," anatero bambo.

Anadzuka pampando. Anabwera kudzakhala pansi. Anakhala mbali inayo ya Kafupi. Tepi yoyezera inali ikadali m'khosi mwawo.

"Yambiranso poyamba, mayi wanga," anatero. "Ine sindinamve bwino mmene mbuziyo inathawira."

Kafupi anayambiranso.

Nthawi yomweyo pamsewu panaima bambo wina. Anali ndi thalauza m'manja.

"Odi, a telala! Zipi yandithera iyi. Mundisokere msangamsanga."

Bambo a Kafupi sanadzuke. Anangokweza dzanja.

"Mubwere mawa, achimwene," anatero. "Pano pali sukulu. Aphunzitsi athu sakonda phokoso."